Mapu a pa intaneti ndi maulendo a kuntchito ku Salima

Mapu a pa intaneti ndi mapu omwe munthu amatsegula pa foni kapena pa kompyuta n'kuona misewu, midzi ndi malo ogwirira ntchito. Ku Salima, boma la m'mphepete mwa nyanja ya Malawi m'chigawo chapakati, mapuwa amathandiza kuyeza mtunda womwe anthu amayenda popita kuntchito.

Magwero

Mapu odziwika ndi Google Maps ndi OpenStreetMap, yomwe inayamba mu 2004 ndipo imajambulidwa ndi anthu ongodzipereka. Boma la Malawi lili ndi tsamba lake la mapu lotchedwa MASDAP. Ziwerengero za anthu zimachokera ku National Statistical Office ku Zomba. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 478,346 m'boma la Salima.

Njira zikuluzikulu

Msewu wa M14 umachokera ku Lilongwe kupita ku Salima, ndipo kuchokera m'tauni ya Salima pali msewu wopita ku Senga Bay, komwe kuli mahotela ndi madoko a asodzi. Msewu wa M5 umalowera ku Chipoka kum'mwera ndi ku Nkhotakota kumpoto.

Zoperewera

Ku United States, mapu a OnTheMap amaonetsa komwe ogwira ntchito amakhala ndi komwe amagwira, potengera kaundula wa olemba ntchito. Ku Salima anthu ambiri ndi asodzi, alimi, ochita geni ndi akabaza, omwe sapezeka m'kaundula wotere. Mapu amaonetsa msewu, koma saonetsa mayi wopita kudoko mbandakucha kukapikula usipa. Choncho okonza chitukuko akadalira mapu okha, njira za anthu otere zimatha kuiwalika.