Maphunziro a umakaniko kwa achinyamata a ku Chintheche

Umakaniko, luso lokonza galimoto, njinga zamoto ndi injini za maboti, suli pa mndandanda wa maphunziro a mayeso a MSCE. M'sekondale zochepa zomwe zili ndi zipangizo, ana amaphunzira zamatabwa, zazitsulo ndi kujambula mapulani, koma injini saitsegula. Wachinyamata wa ku Chintheche, Kande kapena Mpamba amene mtima wake uli pa sipanala amatsala ndi njira ziwiri: galaja ya m'mbali mwa msewu, kapena koleji ya ntchito zamanja akamaliza Folomu 4.

Ambiri amadzera ku galaja. Mumsewu wa M5 umene umalambalala nyanja, mnyamata amayamba pa holide kapena akaweruka kusukulu. Miyezi yoyamba yake ndi yotsuka zitsulo m'beseni la petulo, kupopa jeke ndi kupatsira zida. Bwana ali chagada pansi pa minibasi akangoti "teni" kapena "fotini", sipanala yoyenera izikhala itafika kale m'dzanja. Kenako amamulola kusintha oilo, mapulagi ndi mabuleki. Kutsitsa giyabokosi kumadza mochedwa, bwana akaona kuti mwanayo wayamba kumva ndi khutu pamene injini ikudwala.

Nyanja ili ndi maphunziro akeake. Asodzi a usipa amapita usiku ndi nyali ndi ukonde wa chilimira, ndipo ambiri amadalira injini zopachika kumbuyo kwa boti, monga za Yamaha. Zambiri mwa izi zimamwa petulo wosakaniza ndi oilo, ndipo zimadziziziritsa ndi madzi a m'nyanja omwewo. Boti likamakwezedwa pagombe injini ikulira, mchenga umalowa n'kudya kampira kopopa madziwo. Makaniko wodziwa amayang'ana kaye kamtsinje ka madzi kotuluka kumbuyo: kakasiya, injini ipsa posachedwa. Ku Usisya, komwe msewu wotsika m'mapiri ndi wovuta ndipo anthu amadalira maboti ndi sitima ya Ilala, munthu wotere samusowetsa nsima.

Maphunziro a ntchito zamanja si achilendo m'dera lino. Mishoni ya Livingstonia idasamukira ku Bandawe, pafupi ndi Chintheche, mu 1881, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws adaikweza ku Khondowe, komwe ophunzira ankaphunziranso ukalipentala, zomangamanga ndi kusindikiza mabuku. Lero Livingstonia ndi imodzi mwa makoleji asanu ndi awiri akuluakulu a ntchito zamanja, pamodzi ndi Mzuzu, Lilongwe, Namitete, Salima, Nasawa ndi Soche. Kwa wa ku Chintheche, yapafupi ndi ya Mzuzu.

Bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, ndilo limayang'anira maphunzirowa, ndipo ndalama zina limazipeza pa msonkho wa 1 peresenti umene olemba anthu ntchito amapereka. Wosankhidwa kupita ku koleji amakhala nthawi ina m'kalasi, nthawi ina ku kampani akugwira ntchito yeniyeni. Atsikana amalimbikitsidwa kufunsira, ngakhale m'magalaja akadali owerengeka. Malo ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna, n'chifukwa chake mayeso a Trade Test, omwe kale ankayambira Giredi 3 mpaka Giredi 1, akhala ofunika kwa amene adaphunzirira pansi pa mtengo wa mango koma akufuna pepala.

Chodetsa nkhawa n'chakuti galimoto zasintha msanga kuposa magalaja. Ma Sienta ndi ma Probox ochokera ku Japan, olowa kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, alibe kabuleta. Mafuta amagawidwa ndi kompyuta, ndipo vuto limawerengedwa ndi kamakina kolumikiza pansi pa chiwongolero. Apa khutu lokha silikwana, pamafunika masamu, Chingelezi ndi fizikisi za ku sekondale. Galimoto za hybrid monga Toyota Aqua zili ndi batire ya mphamvu yoti ingaphe munthu, ndipo mawaya ake amakutidwa ndi mtundu wa olenji pochenjeza aliyense wotsegula boneti.