Crop, zoom ndi resize: mau atatu amene amasokoneza anthu potsukitsa zithunzi

Ku Makululu, komboni yaikulu ya mu tauni ya Kabwe m'cigawo ca Pakati, zithunzi zambiri za mabanja masiku ano zimasungidwa mu foni, monganso m'makomboni ena a dziko la Zambia. Vuto limayamba pamene cithunzi cifunika papepala: ca pa pulogilamu ya maliro, ca cikwati, kapena cokapereka pofunsira nchito. Munthu amauza wotsuka zithunzi kuti “mucikulitse” kapena “mucicepetse”, koma makina ali ndi mau atatu a Cingelezi, crop, zoom ndi resize, ndipo lililonse limacita zake.

Cithunzi ca mu foni cimapangidwa ndi timadontho tochedwa pixel. Kamera ya 12 megapixel imatulutsa cithunzi ca timadontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi, tonse pamodzi 12 miliyoni.

Zoom ya poonera cithunzi ndi kuyandikitsa cabe. Munthu akatambasula zala pagalasi la foni, nkhope imaoneka yaikulu, koma cithunzi cimakhalabe mmene cinalili. Zoom ya pojambula ndi nkhani ina. Pa mafoni ambiri otsika mtengo, kamera imangodula pakati pa cithunzi n'kukulitsa mbali yotsalayo, motero zoom imeneyi ndi kudula komwe, ngakhale kuti ili ndi dzina lina.

Crop ndi kudula m'mbali, monga mmene telala amadulira nsalu. Resize ndi kusintha ciwerengero ca timadontho popanda kucotsa munthu kapena cinthu ciliconse m'cithunzi. Kucepetsa n'kosavuta, koma kukulitsa sikubweza zimene kamera sinagwire. Ici ndiye cifukwa cake nkhope ya malemu yodulidwa pa cithunzi ca gulu imatuluka yosaoneka bwino ikaikidwa papepala la A4. Nkhopeyo ingakhale ndi timadontho 200 tokha m'lifupi, pamene A4 yotsukidwa bwino imafuna 2,480 m'lifupi ndi 3,508 m'litali.

Cimene cimadzetsa mikangano kwambiri ndi kudula kumene mwini cithunzi sanapemphe. Makamera ambiri a mu foni amajambula pa muyezo wa 4:3, kutanthauza magawo 4 m'litali ndi 3 m'lifupi. Pepala lozolowereka la masentimita 10 ndi 15 lili pa muyezo wa 3:2, umene unacokera ku filimu ya 35 mm imene kamera ya Leica inachukitsa kuyambira mu 1925. Miyezo iwiriyi sigwirizana. Kuti cithunzi cidzaze pepala lonse, makina amataya mizere 333 pa mizere 3,000, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo 9. Ngati foni inagonekedwa pojambula, cimene cimatayika ndi pamwamba ndi pansi, ndipo anthu ataliatali a mzere wakumbuyo amadulidwa mitu. Ngati foni inaimikidwa, amene anaima kumapeto ndiwo amataya phewa kapena dzanja. Nthawi zambiri wotsuka ndiye amapatsidwa mlandu, koma colakwa cili pa miyezo. Njira yopewera ndi kupempha kuti cithunzi conse cilowe, ngakhale kuti m'mbali mutsale mizere yoyera, kapena kusiya mpata pamwamba pa mitu pojambula.

Palinso kucepetsa kumene kumacitika mosadziwika. Cithunzi cikatumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse, cimacepetsedwa kuti cisadye mabandulo ambiri. Pagalasi la foni kusiyana sikuoneka, koma papepala kumaonekera. Mu 2023 kampaniyi inawonjezera batani la HD, ndipo kutumiza cithunzi ngati Document kumacisunga mmene cinajambulidwira. Conco banja limene lifuna cithunzi ca malemu licita bwino kufunafuna foni imene inajambula, m'malo motenga cimene cadutsa m'magulu atatu kapena anayi a acibale.

Cina cofunika kudziwa n'cakuti kudula sikutanthauza kufafaniza nthawi zonse. Mafoni monga iPhone amasunga cithunzi coyambirira, moti mwini wake angabweze mbali imene anadula. Zimenezi zimathandiza munthu akalakwitsa, koma zingaulule cinsinsi foni ikakhala m'manja mwa wina. Mu March 2023 akatswiri anapezanso kuti zithunzi za pagalasi zodulidwa pa mafoni a Google Pixel ndi pa pulogilamu ya Snipping Tool ya Windows zinali kusunga mbali zina zocotsedwa mkati mwa failo, moti wolandira wodziwa makompyuta akanatha kuzibweza. Makampani a Google ndi Microsoft anakonza vutoli, koma mafailo amene anali atatumizidwa kale anakhalabe ndi mbali zobisikazo. Amene afuna kubisa nambala ya reji kapena ya ku banki ayenera kuphimba nambalayo ndi pepala asanajambule.