Wezulo wa beni pa bwalo la sukulu

Ndinayamba sitandade 1 kwathu kwa Katuli mu 1976, m'kamwa mwanga muli Chiyao chokhachokha. Kuyambira 1968, pamene boma la Kamuzu linakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha dziko, ife ana a kumalire ndi Mozambique tinkaphunzira m'chiyankhulo chimene amayi sanatilere nacho. Aphunzitsi akafunsa funso, tonse tinkangoti zyoli. Iwo nkumati ana a kuno ngamanyazi.

Manyaziwo anali ndi pochokera. Agogo athu, pokhala Asilamu, ankakana sukulu za mishoni monga za Angilikani ku Malindi ndi kwa Mponda, poopa kuti mwana akabwerako atabatizidwa, dzina litasintha. Mwana ankapita ku madrasa kwa mwalimu, akasinkhuka nkupita ku ndagala. Choncho sukulu tinkaiona ngati nyumba ya eni, ndipo m'nyumba ya eni munthu sakweza mawu.

Chikhalirecho ana omwewo pa manganje, anyamata akamatuluka ku jando, tinkaimba mpaka mawu kusasa. Tinalinso ndi beni. Gule ameneyu anayambira kugombe, ku Mombasa ndi Lamu, m'zaka za m'ma 1890, potsanzira perete wa asilikali a Azungu. Anafala kwathu kuno ndi asilikali a King's African Rifles ndi amtengatenga obwerera ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Mlimi wosauka ankavala yunifomu yosokedwa pamudzi, nyota zili mbuu paphewa, nkulamula anzake ngati kaputeni.

Chaka china, pokonzekera chikondwerero cha 6 Julaye, aphunzitsi anafuna gulu la beni la ana a sukulu. Iwo anali ochokera kutali, mapazi ake sankawadziwa. Anafunsa kuti, "Ndani amatha?" Mnzanga anandiloza, chifukwa malume anga ankatsogolera beni m'mudzi. Anandipatsa wezulo. Nditaliza kamodzi, anyamata 20 anaima njo. Nditalizanso, anatembenuka pamodzi. Aphunzitsi anaima pambali kuphunzira kwa ine. Sabata yotsatira ndinakweza mkono m'kalasi koyamba. Yankho ndinalakwa, koma sindinanjenjemere.

Panthawiyo zaluso zolemekezeka zinali za ku sekondale. Mpikisano wa zisudzo wa ATEM, umene unayamba mu 1969, unali wa m'Chingerezi, ndipo ndiko kunatulukira katswiri wa zisudzo Du Chisiza Jr. ali pa sukulu ya HHI ku Blantyre. Ife a ku pulayimale za kumudzi, gule wathu ankakumbukiridwa pakabwera alendo basi.

Zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana amene makolo awo sanapondeko m'kalasi anadzaza mpaka pansi pa mitengo. Apo nkuti ine ndili mphunzitsi. Kenako silabasi yatsopano ya cha m'ma 2007 inabweretsa phunziro la Expressive Arts, lophatikiza kuimba, kuvina, zisudzo, kujambula ndi ntchito za manja. Penti ndi mapepala kunalibe, koma dongo, mlaza ndi ng'oma zinalipo.

Mpaka ndinapuma ntchito, ndikaona mwana wokhala kumbuyo, wosayankhula, sindinkathamangira kumufunsa masamu. Ndinkamufunsa m'Chiyao kuti kwawo amavina chiyani. Akatchula, ndinkatulutsa wezulo m'thumba nkumupatsa.