Kujambula ndi kuwala kosamvana: mbiri yochokera ku nyenyezi

Usiku wa pa 13 Disembala 1920, pa phiri la Mount Wilson ku California, Francis Pease anasuzumira m'makina oonera zakuthambo. Pamwamba pa makinawo, iye ndi Albert Michelson anali atamangapo mtanda wachitsulo wa mamita 6 wonyamula magalasi. Magalasi awiri a kunsonga ankatola kuwala kwa nyenyezi yofiira ya Betelgeuse n'kukukumanitsa pamodzi.

Mafunde a kuwala akakumana amabala mizere yowala ndi yakuda, zimene Thomas Young anasonyeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Koma usikuwo, magalasi atatalikirana mamita 3, mizere ija inazimirira. Mtunda umenewu ndi umene unawauza kukula kwa nyenyeziyo. Kupatula dzuwa, panalibe nyenyezi ina imene inapimidwapo chotere.

Chodabwitsa n'chakuti mizereyo inaonekako n'komwe. Kuwala kwa nyenyezi, kwa babu kapena kwa nyali ya palafini sikumvana: atomu iliyonse imawala pa nthawi yake, ngati anthu pamsika, aliyense akulankhula zake. Masamu ofotokoza nkhaniyi anabwera mochedwa, kuchokera kwa akatswiri awiri a ku Netherlands, Pieter van Cittert mu 1934 ndi Frits Zernike mu 1938. Iwo anasonyeza kuti kuwala kotere kukayenda mtunda kumayamba kugwirizana pang'ono, ndipo m'kugwirizanako mumabisala maonekedwe a chinthu chowalacho.

Dennis Gabor atalengeza za njira yojambulira ya holography mu 1948, laser n'kutulukira mu 1960, ambiri anathamangira kumeneko, ndipo sitingawadzudzule: kuwala kwa laser n'kwadongosolo, zithunzi zooneka kuya kwake zinkatuluka bwino. Komatu nyenyezi kapena lawi la moto sungaziunike ndi laser. Zimawala zokha, iwe n'kungolandira.

Njira ya Michelson inadzukanso makompyuta atakula mphamvu. Mu 2001 Kyu Yoshimori wa ku Japan anafotokoza mmene kuwala kwachilengedwe, kukagawidwa pawiri n'kukumanitsidwanso kambirimbiri, kungaululire malo a chinthu, kutalika kwake kuchokera pa kamera, ndi mitundu ya kuwala kwa kachigawo kalikonse. Mu 2007 Joseph Rosen ndi Gary Brooker anatulukira njira ya FINCH, yojambulira tinthu towala tokha m'maikulosikopu.

Vuto silinathe. Mizere ya kuwala kosamvana imakhala yofooka, miyeso imafunika yambirimbiri, ndipo chinthu chikagwedezeka pakati pa ntchito, kompyuta imasokonezeka.