Kodi pikiniki n'chiyani kwenikweni?

Masiku ano achinyamata akapita kukamwa zoziziritsa kukhosi pa loji ina ku Liwonde amati anali ku pikiniki. Ayi ndithu, kumeneko n'kukacheza chabe.

Pikiniki ndi chakudya chimene anthu amanyamula kuchokera kunyumba n'kukadyera limodzi panja, pamalo opita mphepo, pofuna kusangalala. Mawuwa tinabwereka ku Chingerezi, koma Angereziwo anawatenganso ku Chifalansa, kumene amalemba kuti pique-nique. Kalelo ankatanthauza phwando limene aliyense ankabwera ndi kake, ngati mmene timachitira pa chidyerano.

Tiyerekeze kwaya ya ku Balaka yachita hayala minibasi Loweruka. Amayi aphika mpunga ndi nkhuku yalokolo, wina wanyamula chigubu cha thobwa, wina beseni la zitumbuwa lovindikira ndi chitenje. Afika ku Liwonde, ayala mikeka pansi pa mtengo moyang'anana ndi mtsinje wa Shire, ana akusewera fulaye, akuluakulu akugawa ndiwo. Imeneyo ndiye pikiniki. Koma mikekayo iyalidwe patali ndi madzi, chifukwa ng'ona ndi mvuu za mu Shire sizisewera.

Ena amafunsa ngati zoterezi zingachitike mu Liwonde National Park, nkhalango yotetezedwa imene inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo ikuyendetsedwa ndi African Parks kuyambira 2015. Muli njovu zambiri, ndipo mikango anaibwezeretsamo mu 2018, choncho simutsika m'galimoto paliponse. Yambani mwafunsa pachipata malo amene amalola kukhala pansi n'kudya.