Momwe dimba lidabwererera kumaso kwa nyumba n'kusanduka bizinesi

M'chaka cha 2013 akuluakulu a tauni ya Miami Shores, ku Florida m'dziko la America, adaletsa kulima ndiwo zamasamba kumaso kwa nyumba. Maluwa adaloledwa, mitengo ya zipatso idaloledwa, koma anyezi ndi kabichi ayi. Banja lina lomwe lidakhala likudya za m'dimba la pakhomo pake kwa zaka 17 lidauzidwa kuti lizule mbewu zonse, apo ayi lizilipira chindapusa cha madola 50 tsiku lililonse. Lidazula, lidakasuma kukhoti, mlandu sudalikomere. Nkhaniyi idatha aphungu a Florida atapanga lamulo lina, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2019, loletsa makhonsolo kulowerera pa madimba a pakhomo.

Kwa ife amene timaponya njere za maungu paliponse pamene pali dothi, izi n'zoseketsa. Koma m'zaka zomwezo, m'dziko lomwelo, mudali kubadwa timakampani tomwe ntchito yake ndi kuzula kapinga pakhomo pa munthu, kukonza mabedi, kuwokera mbande, kubwera sabata iliyonse kudzapalira ndi kukolola, kenako kulandira malipiro. Ambiri amayesa kuti ntchitoyi ndi ya dzulodzulo. Mbiri ikuonetsa kuti mlimi wa masamba wolipidwa adayamba kale kuposa wotchetcha kapinga. Adangothamangitsidwira kuseri kwa nyumba kwa zaka mazana awiri.

Loya amene adakonda dothi

Jean-Baptiste de La Quintinie adaphunzira zamalamulo, koma mtima wake udali ku mbewu. Mfumu Louis XIV ya ku France idamuika kukhala woyang'anira minda yake ya zipatso ndi masamba, ndipo pakati pa 1678 ndi 1683 adakonza dimba la mahekitala 9 pafupi ndi nyumba yachifumu ya Versailles. Malowo adali chithaphwi chonunkha, moti padafunika kukumba ngalande zochotsa madzi ndi kututa dothi kuchokera kwina.

Luso lake lidali loti mfumu idye zomwe sizili m'nyengo yake. Ankaunjika ndowe zaziwisi za akavalo pansi pa mabedi kuti kutentha kwa kuwola kwake kufunditse mizu m'miyezi yozizira. Ankamanga zipupa zotchinga mphepo ndi kusunga kutentha kwa dzuwa, n'kuvindikira mbande ndi magalasi. Zotsatira zake, letesi ankafika patebulo mu Januwale, masitiroberi mu Malichi. Dimbalo silidali lobisika ayi. Mfumu inkatenga alendo ake kukaliona monga momwe inkawaonetsera akasupe a madzi ndi ziboliboli. Mpaka lero dimbalo, lotchedwa Potager du Roi, lilipo ndipo likulimidwabe, ndipo m'menemo ndi momwe muli sukulu ya boma yophunzitsa akatswiri okonza ndi kukongoletsa malo.

Kapinga alanda bwalo

Zinthu zidatembenuka ku England m'zaka za m'ma 1700. Lancelot Brown, yemwe ankadziwika ndi dzina loti Capability Brown, adayamba ntchito ali mnyamata m'dimba la masamba ku Kirkharle. Atatchuka, adakonza malo oposa 170 a anthu olemera, ndipo kukongola komwe ankagulitsa kudali kwa udzu wosalala woyambira pakhonde mpaka kutali, mitengo apo ndi apo, ndi nyanja yokumba. Dimba la ndiwo lidasunthidwira kutali ndi maso, n'kutchingidwa ndi mpanda wa njerwa. Uthenga wake udali womveka: mwini malo ano ndi wolemera moti angathe kusiya nthaka yonseyi osalimapo chakudya.

Udzu wotere unkafuna gulu la amuna odziwa kutchetcha ndi zikwakwa, choncho udali wa mabwana okha. Mu 1830, Edwin Budding wa ku Gloucestershire adalembetsa makina otchetchera udzu, nzeru yomwe adaitenga pa makina ometa ubweya wa nsalu m'mafakitale a kwawoko. Kuyambira pamenepo mphunzitsi kapena kalaliki naye akadatha kukhala ndi kapinga wake. Ku America, Frederick Law Olmsted ndi Calvert Vaux, pokonza tauni ya Riverside pafupi ndi Chicago kumapeto kwa zaka za m'ma 1860, adati nyumba zizimangidwa motalikirana ndi msewu ndi mamita ngati 9. Mpata wa pakatiwo udakhala wa udzu.

Nkhondo idasokoneza dongosololi kwa kanthawi. Pankhondo yachiwiri yapadziko lonse, boma la Britain lidalimbikitsa anthu kulima m'mapaki ndi m'mabwalo amasewera. Ku America, pofika 1943 kudali madimba a pakhomo ndi a m'madera pafupifupi 20 miliyoni, ndipo akuti ankatulutsa pafupifupi 40 pa 100 ya ndiwo zamasamba zaziwisi zomwe zinkadyedwa m'dzikomo. Chaka chomwecho Eleanor Roosevelt, mkazi wa pulezidenti wa dzikolo, adalola dimba pabwalo la White House.

Mfuti zitangoleka kulira, makasu adapachikidwa. Ku Levittown, pafupi ndi New York, komwe kudamangidwa nyumba zoposa 17,000 pakati pa 1947 ndi 1951, okhalamo ankalamulidwa kutchetcha udzu kamodzi pasabata m'miyezi yotentha. Mankhwala opha zomera zamasamba otambalala otchedwa 2,4-D adafika pamsika nthawi yomweyo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kampani ya ChemLawn idayamba ku Ohio kuyenda khomo ndi khomo ndi galimoto yopopera feteleza ndi mankhwala pa kapinga. Njira ya bizinesiyi, yoti kasitomala asaine mgwirizano wa chaka chonse ndipo antchito azibwera pa masiku oikika, ndi yofanana ndi yomwe alimi a masamba a m'tauni adadzagwiritsa ntchito pambuyo pake. Mu 2005, kafukufuku wotsogozedwa ndi Cristina Milesi mothandizidwa ndi bungwe la NASA adayerekeza kuti kapinga ku America adatenga malo okwana masikweyakilomita pafupifupi 163,800. Malawi yense, kuphatikizapo nyanja, ndi 118,484.

Masamba abwerera kumaso

Oyamba kutsutsa adatulukira ku California. Mu 1975, Michael ndi Judy Corbett adayamba kumanga dera la nyumba lotchedwa Village Homes ku Davis, komwe m'malo mwa mitengo yongokongoletsa adabzala ya zipatso, mphesa ndi mabedi a masamba pakati pa nyumba. Mu 1982, Rosalind Creasy adatulutsa buku lotchedwa The Complete Book of Edible Landscaping, ndipo pambuyo pake adazula kapinga wa kumaso kwa nyumba yake ku Los Altos n'kubzalapo ndiwo. Mfundo yake idali yoti tsabola wofiira, letesi wa mitundumitundu ndi nyemba zokwera pamitengo zingathe kukonzedwa mokongola ngati maluwa, malinga wokonzayo akudziwa mtundu, msinkhu ndi nyengo ya mbewu iliyonse. Pa 4 Julayi 2005, mmisiri wa zomangamanga Fritz Haeg adayamba ntchito yake ya Edible Estates posandutsa bwalo la banja lina ku Salina, m'chigawo cha Kansas, kukhala dimba, ndipo adachita zomwezo m'mizinda ina.

Apa ndi pomwe vuto lidaonekera, ndipo vutolo ndi lomwe lidabala bizinesi. Anthu ambiri adakopeka, koma kudali kutadutsa mibadwo iwiri osagwira khasu. Sankadziwa nthawi yofesa, kutalikirana kwa mapando, kapena chochita nsabwe zikagwa pa kabichi. Malo adali nawo, ndalama adali nazo, nthawi ndi luso adalibe.

Mu 2006, amayi awiri a ku Portland, Donna Smith ndi Robyn Streeter, adayambitsa Your Backyard Farmer. Ankalima pakhomo pa kasitomala, kubwera sabata iliyonse, n'kusiya dengu la zokolola pakhomo. Ofuna kuphunzira ankawaphunzitsa mwezi ndi mwezi kuti chaka chotsatira adzilimire okha. Mu 2007 Colin McCrate adatsegula Seattle Urban Farm Company, ndipo mu 2008 Green City Growers idayamba kufupi ndi Boston. Mavuto azachuma a chaka chimenecho adawonjezera chidwi, ndipo Michelle Obama atakumba dimba la masikweyamita ngati 100 pabwalo la White House pa 20 Malichi 2009, mothandizidwa ndi ana asukulu, kulima masamba pabwalo kudaleka kuoneka ngati chizindikiro cha umphawi.

Njira zitatu zopezera ndalama

Pakutha pa zaka khumi, ntchitoyi idagawika patatu. Yoyamba ndi yomanga ndi kusamalira: kampani imayeza malo, kuona maola omwe dzuwa limawomba, kupima dothi, kumanga mabedi okwezeka a matabwa, kuika mapaipi othirira modontheza, kenako kumabwera kudzawokera, kutengulira ndi kukolola. Kupima dothi si mwambo chabe. M'mizinda yakale dothi la pafupi ndi nyumba limatha kukhala ndi mtovu wochokera ku penti ndi petulo wakale, n'chifukwa chake ambiri amakonda mabedi okwezeka odzazidwa ndi dothi lobwera nalo.

Yachiwiri ndi yobwereka malo. Wally Satzewich ndi Gail Vandersteen a ku Saskatoon, m'dziko la Canada, ankalima m'mabwalo a kuseri kwa nyumba za anthu ena n'kumagulitsa kumsika, ndipo njira yawo idalembedwa n'kutchedwa SPIN farming. Curtis Stone adachita zomwezo ku Kelowna kuyambira 2010, akunyamula zipangizo ndi zokolola panjinga. Ku Orlando, gulu la Fleet Farming lidayamba mu 2014 kusandutsa kapinga wa anthu kukhala timinda, mwini nyumba n'kumatengako gawo la zokolola. Olima motere amasankha mbewu zocha msanga komanso zamtengo wabwino, monga letesi ndi masamba a saladi, kuti bedi limodzi likololedwe kangapo pachaka.

Yachitatu ndi ya mabungwe: malesitilanti, sukulu, zipatala ndi makampani ofuna dimba pamalo awo. Mu 2015 timu ya Boston Red Sox idatsegula dimba padenga la mbali ina ya bwalo lake la Fenway Park, losamalidwa ndi Green City Growers, ndipo zokolola zimapita kukhitchini ya pabwalopo. Makasitomala otere amalipira chaka ndi chaka, zomwe zimathandiza kampani kusunga antchito ake.

Pambali pa ntchitozi pali malonda a katundu: mbande, kompositi, dothi losakaniza, mabokosi obzalamo, ukonde wotchinga mbalame ndi tizilombo. Mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba mu 2020, makampani ena ogulitsa mbewu ku America ndi ku Britain adafika poimitsa kaye kulandira maoda chifukwa cha kuchuluka kwa ogula. Chilala nacho chikukankhira mbali yomweyo. Ku Las Vegas, bungwe loona za madzi lakhala likulipira anthu kuti azule kapinga kuyambira 1999.

Chomwe kasitomala amagula

Tikawerengera mwachilungamo, tomato wolimidwa ndi katswiri wolipidwa ndi wodula kuposa wa kumsika. Amene adakhalitsa m'bizinesiyi adazindikira msanga kuti kasitomala sakulipira tomatoyo. Akulipira kuti dimba lisafe. Kapinga ukamuiwala milungu iwiri amangotalika, pomwe bedi la letesi likasowa madzi masiku ochepa otentha basi lapita. Mitengo ndi maluwa zimabzalidwa kamodzi, koma bedi la masamba limafuna kuzulidwa, kuthiridwa manyowa ndi kubzalidwanso kangapo pachaka, mosinthanitsa mbewu kuti matenda asamange maziko. Kufooka kwa masambaku ndi komwe kumabweretsa katswiri pakhomo sabata iliyonse, ndipo m'maulendo amenewo ndi momwe muli ndalama yodalirika, kuposa ya tsiku lomanga mabedi.

Kuno kwathu kapinga adabwera ndi atsamunda, ndipo lero wadzaza m'mipanda ya ku Area 10, Area 43, Namiwawa ndi Sunnyside, akumwa madzi olipira m'chilimwe chonse pomwe eni ake akugula mpiru ndi repu wochokera ku Bvumbwe kapena ku Lizulu. Kusiyana kwathu ndi America n'kwakuti luso silidatayike. Wogwira ntchito ya pabwalo m'nyumba zambiri adakulira m'dimba, amadziwa kufesa nazale ndi kuphimbira, kungoti amalembedwa ntchito yotchetcha ndi kusesa. Ogulitsa mbande za maluwa m'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe ndi Blantyre ali kale ndi makasitomala, ndipo ku Chitedze, Kristof ndi Stacia Nordin a Never Ending Food akhala akuonetsa kwa zaka zoposa 20 kuti bwalo losesedwa mbee lingathe kubala bonongwe, chisoso, nkhwani ndi zipatso chaka chonse. Chomwe a ku Portland ndi Boston adachita n'kuika mtengo pa luso ngati limenelo: kulemba kalendala ya zobzala, kugwirizana za masiku obwera, kutchula malipiro a pamwezi, n'kumasamalira makomo khumi kapena makumi awiri m'malo mogwira ntchito pakhomo limodzi.