Kuchokera pa tikiti kufika pa peyisilipi: mbiri ya malipiro mu Lusaka

Pofika 5 koloko m'mawa, ntchito pamsika wa Soweto imakhala itafika kale pakati. Malole a tomato ochokera ku Mkushi ndi ku Chibombo amakhala atatsitsa mabokosi, anyamata a mawilibala akupanikizana m'tinjira, ma ejenti akukangana mtengo ndi alimi, atsikana olembedwa ntchito m'malo ophikira nsima akukoleza mbaula. Onsewa ndi antchito, ndipo ambiri ali ndi bwana amene amawauza nthawi yofika ndi yoweruka. Koma mukawafunsa za kontirakiti, livi, ovataimu, NAPSA kapena gratuity, ambiri adzakuyankhani kuti zimenezo ndi za anthu a m'maofesi a mu Cairo Road. Yankho limeneli lili ndi mbiri yake. Mzere uliwonse wa pa peyisilipi unabwera anthu atauvutikira, ena atafera, koma chiyambire nthawi ya atsamunda ufulu wa wantchito unamangiriridwa ku pepala lomwe lili m'manja mwa bwana. Amene bwana wake salemba kanthu amatsala kunja, ndipo mu Lusaka wa lero otsala kunjawo ndiwo ochuluka.

Ntchito yolipidwa ndalama inalowa m'dziko muno kudzera pa msonkho. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kampani ya British South Africa Company inalamula kuti mwamuna aliyense azikhoma msonkho wa ndalama, pomwe kumudzi ndalamazo kunalibe. Amuna a ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata, ndi a ku Petauke anayamba kuyenda pansi kupita kumigodi ndi kumafamu a ku Southern Rhodesia, ena atatengedwa ndi bungwe lolemba anthu la Rhodesia Native Labour Bureau, ntchito yomwe anthu ankaitcha chibalo. Mapepala awiri ndiwo ankalamulira moyo wa munthu wotere. Loyamba linali chitupa, chosonyeza dzina, mudzi, mfumu, msonkho ndi bwana amene akumugwirira ntchito. Lachiwiri linali tikiti. Tsiku lililonse limene munthu wagwira ntchito, kapitawo ankachonga pa tikitipo, ndipo malipiro ankatuluka machongedwe akakwana 30. Popeza Lamulungu silinkachongedwa, mwezi wa wantchito unkatenga pafupifupi masabata asanu, ndipo akadwala kapena kapitawo akakana kuchonga, tsikulo linkangopita. Gawo lina la malipiro linali phoso: ufa, nyemba, mchere ndi kanyama. Kuthawa ntchito kontirakiti isanathe unali mlandu wopita nawo kundende. Tisaiwale kuti buku loyamba la malipiro m'dziko lino linalembedwa pofuna kugwira munthu kuti asathawe. Zomuteteza zinabwera pambuyo pake, movutikira.

Likulu litasamuka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, mzindawu unakonzedwa ndi maganizo omwewo. Munthu wakuda ankaloledwa kukhala m'tauni ngati ali pantchito, ndipo nyumba inkabwera ndi ntchitoyo. Ku Kabwata kunamangidwa tinyumba tozungulira tofolera udzu tokhalamo amuna opanda mabanja awo; 43 mwa tinyumbato tinapulumuka pamene tina tinkagwetsedwa m'zaka za m'ma 1970, ndipo ndi tomwe lero tili pa Kabwata Cultural Village. Makhukhi ndi anyamata a m'maluwa ankagona m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba za azungu, ndipo Karen Tranberg Hansen, m'buku lake la mu 1989 lotchedwa Distant Companions, anasonyeza kuti ntchito ya m'nyumba nthawi imeneyo inali ya amuna. Ntchito ikatha, nyumba yatha, chilolezo chokhala m'tauni chathanso. Alawansi ya nyumba imene timaiona pa peyisilipi lero inachokera ku udindo wakalewo wakuti bwana azigoneka antchito ake, ndipo wantchito wa m'nyumba ku Kabulonga kapena ku Woodlands amene amagona kuseri akadali pa ngozi yomweyo yotaya ntchito ndi pogona tsiku limodzi.

Amene anasintha tanthauzo la mapepalawa ndi anthu a kumigodi. Mu Meyi 1935 msonkho utakwezedwa mwadzidzidzi, antchito a ku Mufulira, Nkana ndi Roan Antelope ananyanyala ntchito, ndipo anthu 6 anaphedwa ndi mfuti ku Luanshya. Mu 1940 ananyanyalanso pofuna malipiro abwino, anthu 17 n'kufa ku Nkana. Mu 1949 kunabadwa bungwe la African Mineworkers' Union motsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, ndipo sitiraka yake ya masabata atatu mu 1952 inakweza malipiro. Chodabwitsa kwa ife a lero n'chakuti malipiro a pamwezi, omwe timawaona ngati chinthu wamba, anayamba ngati nkhani ya mkangano. Makampani atachotsa makalaliki ndi akapitawo akuda pa tikiti n'kuwaika pa malipiro a pamwezi pansi pa bungwe lina, la Mines African Staff Association, antchito anzawo anaona kuti akugawanitsidwa. Masitiraka otsatizana a mu 1956 anachititsa boma kulengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti ku Copperbelt mu Seputembala chaka chomwecho. Mantha a antchitowo anali ndi maziko: kusiyana kwa wapamwezi ndi wapatsiku kunakhala mpanda waukulu, ndipo ulipobe. Chitupa chokha ndicho chinagonja, anthu atachiwotcha poyera pa nthawi ya zionetsero zofuna ufulu za Cha Cha Cha mu 1961.

Ufulu utabwera mu 1964, boma latsopano linafulumira kulemba malamulo. Employment Act ya mu 1965 inakhazikitsa za kontirakiti, notisi, tchuthi ndi nyumba. Zambia National Provident Fund inayamba mu 1966 kusunga ndalama zopumira pantchito. Chaka chomwecho komiti ya Brown inavomereza kuti malipiro a anthu akuda a kumigodi akwere ndi 22 peresenti. Boma litatenga magawo aakulu m'makampani potsatira zomwe Kenneth Kaunda analengeza ku Mulungushi mu 1968 ndi ku Matero mu 1969, ofesi yoona za antchito inakhala yamphamvu: inkagawa nyumba, kukonza tchuthi, ngakhale kugula bokosi la maliro. Mawu akuti permanent and pensionable anali chuma chenicheni, choti munthu n'kufunsira nacho mbeta. Koma zonsezi zinkadalira mtengo wa kopa, womwe unagwa mu 1975. Ntchito zolembedwa zinasiya kuchuluka pomwe anthu ankapitiriza kubwera m'tauni, ndipo ndi kumapeto kwa zaka zomwezo za m'ma 1970 pamene msika wa Soweto unamera kumadzulo kwa tauni, utatenga dzina la Soweto wa ku Johannesburg. Msikawu ndi peyisilipi zinakulira nthawi imodzi, chimodzi chikulandira amene chinzake chawakana.

Zaka za m'ma 1990 zinabweretsa mawu ena owawa. Frederick Chiluba, amene anatsogolera Zambia Congress of Trade Unions kuyambira mu 1974, anakhala pulezidenti mu 1991, ndipo boma lake linakhazikitsa lamulo logulitsa makampani a boma mu 1992. Zambia Airways inatsekedwa mu Disembala 1994, United Bus Company of Zambia n'kutsatira, ndipo migodi ya ZCCM inamaliza kugulitsidwa mu 2000. Anthu zikwizikwi anadziwa mawu akuti retrenchment asanadziwe kalembedwe kake, ena n'kudikira zaka zambiri ndalama zawo zomaliza. Amene anakatenga za ku Provident Fund anapeza kuti kukwera kwa mitengo, komwe kumayambiriro kwa zaka zimenezo kunkapitirira 100 peresenti pachaka, kunali kutazidya kale. Ambiri anagula belo la salaula kapena kutsegula kantemba, ndipo Lusaka City Market, yotsegulidwa mu 1997 pafupi ndi Soweto, sinathe kuwameza onse. Olemba ntchito otsala anapeza njira yozembera udindo: kulemba munthu ngati kajo, kumuimitsa miyezi isanu ndi umodzi isanakwane, kenako kumulembanso. Tikiti inabwerera mwa njira ina.

Malamulo a zaka zaposachedwa akhala akuyesa kutseka mipata imeneyi, ndipo tiyenera kuwayamikira. NAPSA inalowa m'malo mwa Provident Fund mu Febuluwale 2000 kuti munthu azilandira penshoni ya mwezi ndi mwezi akasonkha miyezi 180. Antchito a m'nyumba anaikiridwa malipiro ochepetsetsa koyamba mu 2011. Mu 2015 kulemba munthu ngati kajo pa ntchito yokhalitsa kunaletsedwa, ndipo Employment Code Act ya mu 2019 inasonkhanitsa zambiri pamodzi: maola 48 pasabata, ovataimu ya malipiro ndi theka, masiku awiri a livi pa mwezi uliwonse, masabata 14 a tchuthi cha uchembere, masiku asanu a bambo mwana akabadwa, tsiku limodzi pamwezi la amayi lomwe timalitcha Mother's Day, miyezi itatu yoyesedwa pantchito, gratuity ya 25 peresenti kontirakiti yaitali ikatha, ndi malipiro a miyezi iwiri pa chaka chilichonse chimene munthu wagwira ngati ntchito yake yathetsedwa. Tiyerekeze kalaliki wa ku Chelstone wolandira K6,000 mu 2024, wopanda alawansi. NAPSA inkadula 5 peresenti, K300. Inshulansi ya zaumoyo ya NHIMA 1 peresenti, K60. Msonkho wa PAYE sunkakhudza K5,100 yoyamba, koma unkatenga 20 peresenti pa K900 yotsalayo, K180. Kunyumba ankapita ndi K5,460, bwana wake n'kuwonjezerapo K300 ku NAPSA ndi K60 ku NHIMA m'dzina lake. Timizere timeneti ndi umboni: akavulala, akadwala, akakalamba kapena akachotsedwa popanda chifukwa, ali ndi pepala loloza.

Vuto n'lakuti kafukufuku wa boma wa za ntchito wakhala akusonyeza kuti anthu oposa awiri mwa atatu aliwonse ogwira ntchito m'Zambia alibe pepala lotere. Ena amati izi sizingachitikire mwina: mayi wogulitsa tomato amene phindu lake limadalira mtengo wa tsikulo sangakwanitse gratuity kapena tchuthi cha uchembere cha mtsikana womuthandiza, ndipo mukamukakamiza angomuimitsa. Mfundo imeneyi ndi yoona pa zolipira zikuluzikulu, ndipo lamulo lokopera za pa mgodi kuika pa thebulo la mumsika lingangokhala la m'buku. Koma kulemba ndi kulipira ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kulemba dzina, tsiku loyamba ntchito, ndalama zogwirizana ndi zomwe zaperekedwa kumangofuna kope la pasukulu ndi bolopeni. Lamulo limavomereza kale mgwirizano wapakamwa, bola bwana asunge zolembedwa zake, ndipo akalephera kuzionetsa pa mkangano, mawu a wantchito ndiwo amamveka. Choncho kopelo limateteza onse awiri. Komanso si onse osalemba amene ali osauka. Pali eni mashopu a hadiweya, eni maminibasi ndi mabanja a m'mipanda ya ku Kabulonga omwe angakwanitse K1,300 ya wantchito wa m'nyumba yomwe inayamba mu Januwale 2024, ndalama yochepa kale tikaiyerekeza ndi yopitirira K10,000 imene bungwe la JCTR linawerengera chaka chomwecho kuti banja la anthu asanu limafuna pamwezi mu Lusaka. Amenewa amabisala kumbuyo kwa umphawi wa anzawo.

Chotsutsa chachiwiri chimachokera kwa antchito eni ake, ndipo ndicho cholemera. Amati ndalama ya m'manja lero iposa lonjezo la penshoni yodzalandira pa zaka 60, chilimba chosonkherana okhaokha amachiona ndi maso pomwe NAPSA samaiona, ndipo makolo awo anasonkha ku Provident Fund n'kulandira zosakwana thumba la ufa. Mbiri ili kumbali yawo, ndipo khamu la anthu amene anathamangira kukatenga 20 peresenti ya zosonkha zawo lamulo litalola mu Epulo 2023 linasonyeza kuti ngakhale a peyisilipi chikhulupiriro chawo n'chochepa. Komabe chilimba chili ndi malire ake. Chimathandiza vuto likagwera mmodzi, koma likagwera onse pamodzi, monga pamene City Market inapsa pa 4 Julayi 2017, osonkha onse amakhala olira. Sichingalipire kwa zaka khumi zotsatira munthu amene msana wake unathyoka ndi matumba a anyezi. Yankho la kusakhulupirika kwakale ndi kaundula amene wantchito amadzionera yekha pafoni, wolembedwa pa nambala ya chiphaso chake, womutsata akachoka pa wilibala kupita pa geti la ulonda. Chitupa chinali choipa chifukwa chinkatumikira boma ndi bwana. Pepala la m'dzina la wantchito, lomwe iye angalitsegule nthawi iliyonse, ndi lina.

Zipangizo zake zilipo kale. Kuyambira mu 2019 malamulo a NAPSA amalola anthu odzilemba okha ntchito kusonkha, timabutu ta Airtel Money ndi MTN tili pa khomo lililonse la msika, ndipo khonsolo ya Lusaka imafika pa thebulo lililonse kudzatolera ndalama ya msika n'kupereka lisiti. Ngati wotolera amamupeza mayi wa tomato tsiku ndi tsiku, a Unduna wa Zantchito ndi a NAPSA angamupezenso, pamodzi ndi mtsikana womuthandiza uja, n'kulola kuti azisonkha pang'onopang'ono molingana ndi malonda a tsikulo. Ndipo inu amene muli ndi wantchito, kaya ndi m'shopu mu Lumumba Road kaya m'nyumba ku Woodlands, yambani mwezi uno: lembani tsiku limene anayamba ntchito, malipiro ake ndi masiku ake a livi, musayine nonse awiri, mumupatse pepala lake, ndipo mukamulembetse ku NAPSA.